Malikisi 41 kapena 68: Kodi zida zaulere zoyesera CV tizikhulupirire mpaka pati?

Naphiri, Dzivarasekwa

Moni nonse a pa gulu lino, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo sabata yonseyi. Ndinagwira ntchito yowerengera ndalama kwa zaka 6 pa kampani ina yopikulitsa katundu ku Graniteside, mu Harare muno ku Zimbabwe, ndipo ntchitoyo inatha pamene eni ake anaganiza zochepetsa antchito. Chichokereni kumeneko ndatumiza makalata ofunsira ntchito 34, ndimachita kulemba m'kope kuti ndisasokoneze, koma amene anandiitana ku intavyu ndi awiri okha. Mlongo wanga anandiuza kuti masiku ano CV imayamba yawerengedwa ndi kompyuta munthu asanaione, ndipo anandisonyeza tsamba lina la pa intaneti limene limayesa CV mwaulere. Nditaikapo yanga, linandipatsa malikisi 41 pa 100, kuphatikizapo mizere yofiira yambirimbiri. Ndinatenga CV yomweyo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi, n'kuiika pa tsamba lachiwiri, ndipo kumeneko ndinapeza 68. Tsono ndikufunsa inu amene mumazidziwa zinthuzi: malikisi enieni ndi ati pamenepa, ndipo kodi 41 ameneyu ndiye wandilepheretsa kuitanidwa miyezi yonseyi?

Amwale, Mabvuku

Achemwali, pepani ndi zimene mukudutsamo. Ine ndimagwira ntchito ya makompyuta, ndiye ndiyambe ndi kulekanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziphatikiza. Pali pulogalamu imene makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito polandira ndi kusunga makalata a ofuna ntchito, imene imatchedwa ATS, ndipo zitsanzo zake ndi Workday, Taleo, SuccessFactors ndi Greenhouse. Pulogalamu imeneyi ikalandira CV imaiphwanya m'zigawo, dzina apa, maphunziro apo, malo amene munagwirako ntchito uko, n'cholinga choti wolemba ntchito athe kufufuza mosavuta pakati pa anthu mazana. Ndiye pali masamba oyesera CV, monga Jobscan ndi Resume Worded, amene ndi a makampani ena ndithu. Masamba amenewa amangoyerekezera mmene ATS ingaonere CV yanu, ndipo lililonse lili ndi muyeso wakewake umene eni ake anaupanga okha. N'chifukwa chake lina lakupatsani 41, lina 68. Palibe bwana aliyense mu Harare muno amene anaona malikisi amenewo, ndipo sadzawaona, chifukwa amathera pa foni yanu pomwepo.

Naphiri, Dzivarasekwa

Zikomo achimwene. Ngati zili choncho, ndiye kuti ndangotaya bandulo yanga pachabe?

Amwale, Mabvuku

Ayi, si pachabe kwenikweni. Nambalayo isiyeni, koma werengani bwino zimene alemba m'munsi mwake, chifukwa pakati pa mankhusuwo pamakhala maso a chimanga. Zida zimenezi zimagwira bwino ntchito imodzi, yomwe ndi kukuuzani ngati makina akutha kuwerenga pepala lanu. Ambiri a ife timakalembetsa CV m'tauni kwa anyamata otayipa, iwo n'kusindikiza, kenako n'kuijambula ndi sikana pamodzi ndi masatifiketi kuti zonse zikhale PDF imodzi. Kwa munthu imaoneka bwino, koma kwa makina ambiri chimenecho ndi chithunzi chabe, mulibe mawu oti awerenge. Ena timakonda zija zokongola za mizati iwiri, zokhala ndi timabokosi ndi timizere tosonyeza kuti Excel ndimaidziwa kufika apa. Zimenezo ndi chikomekome cha nkuyu, chifukwa makina ena amawerenga modutsa kuchokera kumanzere kupita kumanja, n'kusakaniza maphunziro anu ndi maina a makampani. Nambala ya foni imene yaikidwa pamwamba penipeni pa tsamba, m'kachigawo kaja ka header, nayonso nthawi zina imasowa.

Mungathe kuyesa nokha popanda tsamba lililonse. Tsegulani CV yanu, sankhani mawu onse, akopereni, kenako muwamate mu Notepad, kapena mu uthenga wa WhatsApp wodzitumizira nokha ngati muli pa foni. Ngati mawu akukana kusankhika, ndiye kuti ndi chithunzi. Ngati atuluka osokonekera, dziwani kuti makina enanso angawaone mosokonekera chomwecho.

Abanda, Highfield

Ndawerenga zonse, ndipo ndikugwirizana ndi Amwale pa zambiri, koma ndikufuna ndiwonjezere zimene ndimaona ndi maso anga, popeza ndakhala mu ofesi yolemba antchito zaka zoposa 15, ndipo pano ndili pa kampani ina ku Msasa. Mayi Naphiri, ndikupempheni kuti mutsegule kope lanulo, muwerenge kuti pa makalata 34 aja ndi angati amene munatumiza pa imelo, ndipo ndi angati amene munachita kudzaza pa tsamba la kampani. Ndikunena izi chifukwa ntchito zambiri zimene timaziona pa tsamba lolengeza ntchito la VacancyMail, mu nyuzipepala ya The Herald kapena ya The Sunday Mail zimathera ndi adiresi ya imelo ndi tsiku lotsekera. Kuseri kwa imelo imeneyo kawirikawiri kulibe makina osefa ayi, kuli munthu ngati ine, ndi kapu ya tiyi wozizira, ndi makalata osayamba n'komwe kuwerengeka.

Ndikuuzeni mmene zimakhalira pa desiki langa. Tikalengeza ntchito imodzi ya kalaliki, pofika Lachisanu bokosi limakhala litadzaza moti sindingathe kutsegula kalata iliyonse mofatsa. Choyamba ndimayang'ana mutu wa imelo. Ngati tinanena kuti lembani dzina la ntchito pamutu, ndipo munthu wasiya popanda kanthu kapena wangolemba kuti CV, ameneyo amatsalira, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa pofufuza ndi dzina la ntchitoyo kalata yake siituluka. Chachiwiri ndimatsegula ndi kuyang'ana theka loyamba la tsamba loyamba. Ndikapeza kuti theka lonselo ladzaza ndi chipembedzo, za banja, msinkhu ndi zimene munthu amakonda kuchita Loweruka, pamene ine ndikufuna kudziwa ngati anagwirapo Pastel, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera ndalama, mtima umayamba kutaya. Palinso amene amatumiza mafayilo 9 osiyanasiyana, lililonse dzina lake ndi manambala a kamera, ena ozondoka. Palibe tsamba loyesera CV limene lidzakuuzeni zimenezi, chifukwa ilo limangoona pepala limodzi lija mwalipatsa, silidziwa mmene mwatumizira.

Naphiri, Dzivarasekwa

Bambo Abanda, ndawerenga m'kope muja. Makalata 29 ndinatumiza pa imelo, 2 ndinakapereka pamanja pa geti, ndipo 3 okha ndi amene ndinadzaza pa tsamba, awiri a mabanki ndi limodzi la bungwe lina lothandiza anthu. Ndachita manyazi pang'ono, chifukwa pa mutu wa imelo nthawi zambiri ndimangolemba kuti ndikufunsira ntchito, osatchula kuti ntchito yanji.

Ambewe, Mbare

Ana inu, ine ndakalamba ndipo ndimangowerenga zimene mumalemba, koma lero ndiyankhulepo. Bambo anga anabwera kuchokera ku Dedza wapansi, ntchito anaipeza chifukwa munthu wa kwawo anawatengera kwa kapitawo n'kunena kuti uyu ndimamudziwa. Ine ndayendetsa magalimoto akuluakulu moyo wanga wonse, ndipo palibe ntchito ndi imodzi yomwe imene ndinaipeza chifukwa cha kukongola kwa pepala. Amafuna laisensi ya Class 2, pepala la defensive la kuyendetsa mopewa ngozi, la kuchipatala, ndi munthu woti akuikire umboni. Mdzukulu wanga anaika CV yanga pa chinthu chanucho mongoseweretsa, ndipo chinati ndilembe zimene ndinapindulira kampani m'manambala. Ine ndinayenda Beitbridge, Chirundu ndi Nyamapanda zaka zonsezo osagwetsa galimoto ya mwini, tsono nambala yake ndi iti pamenepo?

Amwale, Mabvuku

Amalume, nambala yake ndi yomweyo mwaitchulayo. Mukalemba kuti munayendetsa zaka zakutizakuti popanda ngozi, pa misewu yakutiyakuti yodutsa malire, mwayankha kale zimene chidacho chimafuna, ndipo bwana aliyense wa mathiraki angakonde kuziona pamzere woyamba. Apa ndiye ndimati zida zimenezi zili ndi kaphindu, chifukwa ife tinaleredwa kuti kudzitchula n'kudzitama, ndiye timangolemba kuti ntchito yanga inali yoyendetsa galimoto, basi. Chidacho chilibe manyazi, chimakufunsa kuti unachita chiyani kwenikweni. Koma pa nkhani ya umboni wa munthu mukunena zoona, ndipo palibe pulogalamu imene yalowa m'malo mwake.

Nachisale, Epworth

Ine ndikufuna kuchenjeza za mawu akuti zaulere, chifukwa anandipweteka. Chaka chatha ndinkafuna ntchito yosamalira okalamba kunja, nditamaliza maphunziro a nurse aide. Tsamba lina linandipatsa malikisi otsika kwambiri, kenako linati likhoza kundikonzera zonse ngati ndilipira kandalama kochepa koyesera kwa masiku angapo. Ndinabwereka khadi la achemwali anga, ndinalipira, CV inatuluka yokongola, ndipo ndinaiwala za nkhaniyo. Mwezi wotsatira achemwali anandiimbira ali ndi ukali kuti ndalama zawo zadulidwa, ndipo zinali zochuluka kuposa zoyamba zija, chifukwa m'timawu ting'onoting'ono munalembedwa kuti ukapanda kuletsa, amapitiriza kudula mwezi ndi mwezi. Tinavutika kuti tiletse, ndipo ndinabweza ndalamazo pogulitsa tomato pa msika. Ndiye pamene ndikuona malikisi 41 a Naphiri, ndikudzifunsa kuti kodi wogulitsa mankhwala angakuuze kuti uli bwinobwino?

Abanda, Highfield

Mayi Nachisale mwalasa pamene pali nkhani. Masamba amenewa ndi malonda, ndipo gawo laulere ndi nyambo. Ena amakulola kuyesa kangapo kokha kenako amatseka, ena amakuonetsa kuti pali zolakwika 12 koma amakuululira zitatu, zinazo ulipire. Sindikunena kuti onse ndi akuba, ayi, ena amanena poyera mitengo yawo, koma munthu azidziwa kuti malikisi otsika amawathandiza kugulitsa. Muonanso kuti ambiri amabwereza mawu akuti ma CV 75 pa 100 alionse amatayidwa ndi makina munthu asanawaone. Nambala imeneyo yazungulira kwa zaka zambiri pa intaneti, ndipo amene amaikonda kwambiri ndi ogulitsa ntchito yokonza ma CV. Ine m'makina amene ndagwiritsapo ntchito, chimene chimachotsa munthu pachokha si kaonekedwe ka CV, koma mafunso aja amafunsa podzaza fomu: kodi muli ndi digiri, kodi muli ndi zaka 5 pa ntchitoyi, kodi muli ndi chilolezo chogwira ntchito m'dziko muno. Ukayankha kuti ayi pa funso limene kampani inaliika ngati chotchinga, wagwa pomwepo, ngakhale CV yako itapeza 95 pa tsamba lililonse.

Amwale, Mabvuku

Pamenepo bambo ndikutsutsaniko pang'ono, mwaulemu. Zoona, makina ambiri satayiratu CV, koma ngati afunsira anthu 600 ndipo wolemba ntchito wafufuza ndi mawu atatu, n'kuwerenga anthu 30 oyamba amene atuluka, otsalawo ngakhale sanatayidwe, zotsatira zake n'chimodzimodzi. Mu 2021 a Harvard Business School pamodzi ndi Accenture anatulutsa lipoti lotchedwa Hidden Workers, ndipo mmenemo olemba ntchito 88 pa 100 alionse amene anafunsidwa anavomera kuti anthu aluso oyenera ntchito amasefedwa chifukwa chosafanana ndendende ndi zimene zinalembedwa pa chilengezo. Ndiponso makina amatengera tsankho la anthu amene anawaphunzitsa. Mu 2018 a Reuters analemba kuti Amazon inasiya pulogalamu yake yoyesera yosankha antchito itazindikira kuti imatsitsa ma CV okhala ndi mawu osonyeza kuti mwini wake ndi mkazi, chifukwa inaphunzira kuchokera ku ma CV a zaka 10 amene ambiri anali a amuna. Choncho kwa amene akufunsira ku mabanki, ku makampani a mafoni, ku migodi ikuluikulu kapena kunja kwa dziko, nkhani ya mawu ofanana ndi chilengezo si yoseweretsa.

Chitsanzo chili pa ntchito ya Naphiri yomweyi. Kuno timati creditors clerk ndi debtors clerk, pamene chilengezo cholembedwa ndi kampani ya ku America chidzati accounts payable ndi accounts receivable. Ntchito ndi imodzi, koma wofufuza akalemba mawu achiwiriwo, inu amene munalemba oyambawo mukhoza kusatuluka. Chida chimene chimayerekeza CV ndi chilengezo chimakuonetsani mpata umenewu m'kamphindi, ndipo apa chimathandizadi. Chofunika n'chakuti muziika chilengezo chenicheni cha ntchito imene mukufuna, chifukwa malikisi operekedwa popanda chilengezo ali ngati kuyesa nsapato popanda phazi.

Abanda, Highfield

Ndavomera, achimwene, mfundo yanu ndi yomveka. Koma ndichenjeze za mbali inayo, chifukwa ndaiona ikuwononga ana ambiri. Munthu akayamba kuthamangitsa malikisi, amathira mawu onse a m'chilengezo mu CV mwake, ngakhale zinthu zimene sanazigwirepo. Mnyamata wina anabwera ku intavyu CV yake itatchula katatu SAP, pulogalamu imene makampani akuluakulu amayendetsera ndalama ndi katundu. Nditamufunsa kuti andifotokozere mmene amalowetsera invoice, anayang'ana kudenga, kenako anavomera kuti anangouzidwa ndi tsamba kuti mawuwo akusowa. Ntchito ija ikanatheka ndi Pastel imene ankaidziwa bwino, koma bodza lija linamuchotsera chikhulupiriro cha tonse amene tinali pa tebulo. Ena amamata chilengezo chonse m'munsi mwa CV ndi zilembo zoyera kuti munthu asazione. Makina akaphwanya CV ija amaonetsa mawu onse poyera, oyera ndi akuda omwe, ndipo wolemba ntchito amaona chinyengocho chili mbee.

Nankhoma, Mufakose

Ine ndine mphunzitsi wa sekondale, ndipo ndimathandiza ana a ku mpingo kwathu kulemba ma CV, ndiye ndayesapo zida zingapo. Chimene ndaona n'chakuti zinapangidwira msika wa ku America, ndipo za kuno sizizidziwa. China chinandilembera mzere wofiira pansi pa ZIMSEC (bungwe la mayeso a sukulu), HEXCO (la mayeso a m'makoleji), ZIMRA (la misonkho) ndi NSSA (la penshoni za antchito) ngati mawu olakwika kalembedwe, chikhalirecho awa ndi mawu amene bwana wa kuno akuwafunafuna ndi maso. Munthu amene ali ndi National Diploma ya ku Harare Polytechnic ndipo amadziwa kutumiza VAT ndi PAYE ku ZIMRA ali ndi chuma m'manja, koma chidacho sichimupatsa ngakhale theka la malikisi pa zimenezo. Mwana wina amene anaphunzira ku Malawi analemba MSCE, ndipo nachonso chinangoti sichikuona maphunziro a sekondale. Chinanso chimaumirira kuti CV ikhale tsamba limodzi, pamene kuno masamba awiri kapena atatu ndi chizolowezi kwa munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri, ndipo zilengezo zambiri zimafuna maina a anthu atatu okuikira umboni ndi makope a masatifiketi odindidwa.

Pali malangizo ena amene ndimagwirizana nawo, monga kuchotsa chipembedzo ndi za banja, chifukwa sizithandiza kanthu ndipo zimangodya malo a pamwamba amene Abanda anena aja. Koma taonani chinthu chimene chida sichingakuuzeni. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo mabungwe amene amagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, kumene kuli anthu akwathu ambiri, amasangalala kupeza munthu wolankhula Chichewa, Chishona ndi Chingerezi. Ana athu ambiri amabisa chinenerochi pa CV poopa kutchedwa obwera. Ine ndimawauza kuti alembe, makamaka akamafunsira ku mabungwe otere.

Nachisale, Epworth

Aphunzitsi, nanga nambala ya chitupa? CV yanga imene ndinaika pa tsamba lija inali ndi nambala ya chitupa, tsiku lobadwa, adiresi ya pakhomo, ndi manambala a foni a abusa ndi a sisitala amene anandiphunzitsa. Patapita masabata angapo ndinayamba kulandira mauthenga a anthu onena kuti andipezera ntchito ku UK, ndingotumiza ndalama ya mapepala pa foni kudzera pa EcoCash. Sindinganene motsimikiza kuti anaitenga kumeneko nambala yanga, chifukwa CV ndinaimwaza malo ambiri, koma mtima sunakhazikike.

Amwale, Mabvuku

Nkhawa yanu ndi yoyenera. Dziko lino lili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, ndipo bungwe la POTRAZ ndi limene linapatsidwa udindo woyang'anira chitetezo cha zinsinsi za anthu, koma masamba ambiriwa ali kunja, ndipo kuwatsata kuchokera ku Epworth ndi ntchito yovuta. Njira yapafupi ndi kukhala ndi makope awiri. Kope loyesera lichotsedwe nambala ya chitupa, tsiku lobadwa, nambala ya nyumba, ndi maina ndi mafoni a okuikirani umboni, popeza anthu amenewo anakulolani kuwatchula kwa olemba ntchito, sanakuloleni kuwapereka kwa aliyense. Chidacho sichifuna zimenezo kuti chiyese mawu anu. Ndipo tsamba likangopempha nambala ya khadi kuti likuonetseni zotsatira zimene linati ndi zaulere, tsekani. Za ku UK zija, dziwaninso kuti boma la kumeneko linatseka njira yolembera osamalira okalamba atsopano kuchokera kunja mu Julaye 2025, choncho amene akukulonjezani zimenezo lero mumufunse mafunso ambiri musanatulutse senti.

Ndiwonjezere kwa amene akufuna ntchito ku United Nations. Ku likulu lawo ndi nthambi zina amagwiritsa ntchito tsamba lawo lofunsira ntchito lotchedwa Inspira, kumene umadzaza mbiri yako yonse m'mabokosi awo, ntchito iliyonse ndi masiku ake, ndi kuyankha mafunso awo. Kumeneko CV yokongoletsedwa ija ilibe mphamvu kwenikweni, chimene chimawerengedwa ndi zimene walemba m'mabokosimo.

Ambewe, Mbare

Ndamva, ndipo mdzukulu wanga walemba kale zaka zanga zopanda ngozi pamwamba, ngakhale kuti ine ntchito sindikuifunanso. Koma Naphiri mwana wanga, pa makalata ako 34, awiri amene anakuitana aja anali ati?

Naphiri, Dzivarasekwa

Agogo, funso lanu landiseketsa ndekha m'nyumba muno. Mmodzi ndi kumene ndinakapereka pamanja ku Southerton, nditamva kwa mayi wina wa ku mpingo kuti kalaliki wawo akuchoka. Winayo ndi wa pa imelo, ndipo nditabwerera kukaona, ndi imodzi mwa zochepa zimene ndinalemba dzina la ntchito pamutu, chifukwa chilengezo chake chinachita kulemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Ndayesanso zimene Amwale ananena zija. Nditakopera CV yanga n'kuimata pa WhatsApp, tsamba loyamba latuluka losakanizika, moti dzina la sukulu yanga ya sekondale lalowa pakati pa ntchito zimene ndinkagwira ku Graniteside, ndipo nambala yanga ya foni palibiretu. Tsamba lachitatu, pamene pali diploma yanga, lakana kusankhika. Ndiye kuti mabanki awiri aja mwina sanaone n'komwe kuti ndili ndi pepala la HEXCO. Usiku uno magetsi akabwera ndiilembanso mu Word, mzati umodzi, Pastel ndi ZIMRA pamwamba, ndipo ndilemba creditors pamodzi ndi accounts payable popeza zonse ndi zoona. Pali ntchito ina imene ikutseka Lachisanu, ya pa imelo. Bambo Abanda, kodi mungalole kuti ndikutumizireni kumbali Lachitatu kuti muione ndi diso la ofesi ndisanaitumize?

Abanda, Highfield

Tumizani mayi, koma ifike isanakwane 7 koloko madzulo, chifukwa kwathu kuno magetsi sakudalirika sabata ino. Mutumize pamodzi ndi chilengezocho, ndipo fayiloyo muitchule dzina lanu ndi dzina la ntchito. Masatifiketi muwaike mu PDF ina yapadera, yoongoka, kuti ndisachite kupendeketsa khosi.